Kodi Mpingo Uyambe ndi Mitengo Kapena ndi Uthenga?

Taganizilani dzina la dela lathu, Ntengo-wa-Mbalame. Makolo analichula pokumbuka mtengo umene mbalame zinali kutelapo. Lelo mukamayenda kucokela ku Tsangano mpaka ku Furancungo, mumaona zitsa zambili. Mitengo yapita ku makala, ku nkhuni, ku mauvuni a njelwa ndi ku zigafa za fodya. Amayi akutola nkhuni kutali kuposa kale.

Cifukwa ca zimenezi, m'mipingo mwabuka funso. Kodi abusa, ansembe ndi akulu a mpingo aike patsogolo nkhani ya cilengedwe? Kapena nchito yao ni kulalikila basi? Tiyeni timve mbali zonse ziwili.

Amene amati uthenga ndiwo woyamba

Awa amati mpingo uli ndi nchito yakeyake. Amachula Mateyu caputala 28, pamene Yesu anatuma ophunzila ake kukaphunzitsa anthu a mitundu yonse. Amati kubzala mitengo kuli ndi eni ake: boma, alangizi a zaulimi, mafumu ndi makampani ogula fodya. Koma kulalikila, mpingo ukasiya, palibe wina angakugwile. Amaopanso kuti mpingo ukayamba kudalila ndalama za mapulojekiti, udzayamba kulankhula zofuna za opeleka ndalamazo. Mantha amenewa si opanda pake.

Amene amati cilengedwe sicingadikile

Enawa amachula Genesis caputala 2. Kumeneko munthu woyamba anapatsidwa munda, ndipo kuusamala inali nchito yake. Amati kuononga nthaka ni kulakwila mnansi wako. Mu 2015, Papa Francisco analemba kalata yochedwa Laudato Si'. Mmenemo anafotokoza kuti dziko likaonongeka, osauka ndi amene amayamba kuvutika. Mu Setembro 2019 anabwela ku Maputo, patangopita miyezi yocepa namondwe Idai atawononga Beira.

Ife a ku Tete tili ndi cokumbuka cathu. Mu Janeiro 2022, namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè mpaka mlato wa pakati pa Tete ndi Moatize unaduka. Madzi ambili a mtsinje umenewu amacokela kumtunda kuno. Kudula mitengo sikubweletsa namondwe ayi. Koma phili likakhala lambee, madzi salowa pansi. Amathamanga, amakokolola nthaka ya m'munda mwanu, n'kukasefukila kwa anzathu a kumunsi.

Yang'anani kumanda

Tsopano ndikufunseni. M'mudzi mwanu, ni kuti kumene mitengo ikuluikulu yatsala? M'midzi yambili yankho ni limodzi: kumanda. Kulibe mpanda wa waya, kulibe mlonda, koma nkhwangwa siifikako wamba. N'cifukwa ciani? Anthu amakhulupilila kuti malowo ni oyenela ulemu.

Apa pali phunzilo lalikulu. Cimene cimateteza mtengo kwambili ni cimene munthu amakhulupilila mumtima. Ndipo mtima wa munthu ndiwo munda wa mpingo. Mlangizi amafika mwa apo ndi apo, koma mpingo umasonkhana sabata iliyonse, ngakhale kumene galimoto siifika nthawi ya dzinja.

Conco mpingo sufunika kusiya uthenga wake n'kusanduka ofesi ya zankhalango. Ukhale pa nchito yake yophunzitsa. Koma ciphunzitsoco cifike kumunda. Amene amalalikila zoti usabe, anganenenso kuti kutentha chile pofuna mbewa ni kubela mnzako udzu wofolela nyumba. Amene amalalikila cikondi, anganene kuti kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje ni kuumitsa madzi a ana athu.

Mpingo uyambe ndi pakhomo pake

Kunena zoona, mipingo nayonso imadula mitengo. Chalichi ca njelwa zoocha cimadya nkhuni zambili. Pa misonkhano ikuluikulu, nsima ya khamu lonse imaphikidwa pa nkhuni. Ulaliki wa mitengo sungamveke ngati uvuni wa mpingo ukufuka ndi mikuyu ya kumtsinje.

Nazi zinthu zimene mpingo ungacite osataya ngakhale ola limodzi la mapemphelo:

1. Pa uvuni uliwonse wa njelwa, kubzala mitengo pamalo a mpingo ndi kuisamala mpaka ikule.
2. Kulola zitsa za mombo ndi masuku ziphukenso. Citsa cili kale ndi mizu, conco cimakula msanga kuposa mbande.
3. Kubzala nsungwi m'mbali mwa mtsinje. Zimagwila nthaka, ndipo zimathandiza pomanga zigafa.
4. Kulambula njila zochingila moto mozungulila nkhalango udzu usanaumitsitse.
5. Kupewa mitengo ya bulugamu pafupi ndi zitsime, cifukwa imamwa madzi ambili.

Koma pali cenjezo. Wooca makala kawilikawili samacita dala. Akufuna sopo, mcele ndi makope a ana. Kumudzudzula pa gome osamuthandiza kupeza njila ina ni kungomucititsa manyazi. Mpingo wanzelu umayamba wamumvetsela. Kenako angaganizile limodzi za dimba, njuci kapena gulu losunga ndalama.

Nanga inu?

Mwina simuli m'busa kapena mkulu wa mpingo. Komabe tsopano mumadziwa kuwelenga ndi kulemba. Tsegulani nokha macaputala awili aja, muwelenge pang'onopang'ono. Ndiyeno lembani maina a mitengo 5 imene munali kuiona muli mwana koma lelo yasowa. Pitani nalo pepalalo ku msonkhano wa amayi, wa acinyamata kapena wa akulu. Mukafunse mwaulemu kuti, “Abusa, pa mitengo iyi, ni uti umene tingabzale pano mvula ikayamba?”