Jallikattu: masewero ogwira nkhunzi ku India

Sabata ino tikambe za alimi a mtundu wa Tamil, kummwera kwa dziko la India, m'chigawo cha Tamil Nadu. Ng'ombe zawo n'zamalinunda ngati zathu zomwezi za Malawi Zebu, koma zimene amachita nazo akakolola n'zodabwitsa ndiponso zoopsa.

Chaka chilichonse pakati pa mwezi wa Januwale amakhala ndi chikondwerero cha zokolola chotchedwa Pongal, cha masiku anayi. Amaphika mpunga watsopano ndi mkaka ndi shuga wa nzimbe. Tsiku lachitatu, Mattu Pongal, ndi la ng'ombe: amazisambitsa, kuzipaka utoto kunyanga ndi kuziveka maluwa pozithokoza chifukwa cha ntchito ya kumunda. M'masiku omwewa ndi mmene mumachitikira jallikattu. Mabwalo otchuka ali ku Avaniapuram, Palamedu ndi Alanganallur, kufupi ndi mzinda wa Madurai.

Nkhunzi amazitulutsa imodziimodzi pa kachipata kopapatiza kotchedwa vadi vasal, ndipo kunja kumakhala anyamata ambirimbiri chimanjamanja. Mnyamata ayenera kukumbatira linunda n'kukangamira pomwepo nkhunziyo ikudumpha ndi kuzungulira. Kugwira nyanga kapena mchira n'koletsedwa. Akakangamira kwa nthawi yoikika wapambana. Nkhunzi ikamugwetsa, mphotho imapita kwa mwini ng'ombe. Kale ankamangirira kathumba ka ndalama kunyanga, ndipo dzina la masewerowa lidachokera pamenepo. Lero mphotho zimafika pa njinga zamoto ndi galimoto.

Magazi m'bwalo

Nkhunzi yamantha sisankha wogunda. Pafupifupi chaka chilichonse anthu amafa ndipo ambiri amavulala, ena kubooledwa pamimba kapena pachifuwa ndi nyanga, ena kupondedwa. Ovulala si osewera okha ayi. Nkhunzi ikadutsa m'bwalo imathamangira m'chigulu cha oonerera kapena kumsewu, ndipo eni ake omwe amagundidwa pofuna kuikola ndi chingwe. Nazo ng'ombe zimathyoka miyendo, zina kugwera m'zitsime pothawa.

Ofufuza za nkhanza kwa ziweto adapezanso kuti anthu ena ankazimwetsa mowa, kuzipaka tsabola m'maso ndi m'mphuno, kuziluma kapena kuzipotokola mchira kuti zituluke zitalusa. M'mwezi wa Meyi 2014 bwalo lalikulu la milandu la India lidaletsa masewerowa. Koma mu Januwale 2017 khamu la anthu lidasonkhana kwa masiku angapo pa Marina Beach mumzinda wa Chennai kudandaula, mpaka boma la Tamil Nadu lidasintha lamulo la 1960 loteteza ziweto kuti jallikattu ibwerere. Mu Meyi 2023 oweruza asanu a bwalo lomwe lija adavomereza kusinthako.

Tsopano madokotala a ziweto amayeza nkhunzi isanalowe, osewera amayezedwanso ngati aledzera, pansi amayala makoko a kokonati, ndipo oonerera amawatchinga ndi mipanda iwiri. Ngozi sizidathe.

Nanga amakakamiriranji?

Ine monga wa zaulimi ndimaona kuti nkhani yagona pa mbeu ya ng'ombe. Mathirakitala atafika, ng'ombe zolima zidachepa ntchito. Ofuna mkaka adatembenukira ku ng'ombe zosakaniza ndi Jersey ndi Holstein. Motero mitundu yakwawo monga Kangayam ndi Pulikulam, yomwe imapirira dzuwa ndi msipu wochepa, idayamba kuchepa. Kusunga nkhunzi n'kodula: imadya kwambiri, sipereka mkaka, ndipo ndi yovuta kuigwira. Alimi a kumeneko amati popanda ulemu ndi mphotho za jallikattu, ambiri angafule kapena kugulitsa kwa opha nyama nkhunzi zawo zabwino. Nkhunzi yopambana ndi imene aliyense amafuna kuti ikwere zazikazi zake.

Mfundoyi ndi yomveka, komabe sindikhulupirira kuti mbeu yabwino iyenera kugulidwa ndi maliro. Komanso nkhunzi yolusa kwambiri si ndiye kholo labwino la ng'ombe yokoka ngolo kapena yokama. Chionetsero cha zaulimi chokhala ndi mphotho yooneka chingathe kupatsa mlimi chifukwa chosungira nkhunzi popanda wina kufa.

Kwathu kuno vuto lofanana lilipo. Tikafuna ng'ombe za pangolo timafula tonde wa khola lonse, mwana wamphongo wamkulu ndi wathanzi, n'kusiya kofooka kuti kakhale nkhunzi. Pakapita zaka ng'ombe zimanka zichepa msinkhu. Sankhani kaye nkhunzi, kenaka mufule zotsalazo, ndipo muzisinthana nkhunzi ndi makola ena kuti isakwere ana ake omwe. Nkhunziyo musaisewere nayo kumutu ikadali thole, musaifulatire m'khola, ndipo ana asaikuse okha. Ikayamba kugunda anthu, musadikire kawiri: igulitseni.