Kodi mumadziwa kuti kapinga wa pulasitiki samwa madzi?

Kapinga wochita kupanga anatchuka mu 1966 atamuyala m'bwalo la Astrodome ku Houston, America, komwe udzu weniweni unkafa chifukwa chosowa dzuwa. Kwathu kuno ambiri tinamuonera pa Kamuzu Stadium ku Blantyre. Ena tsopano amamufuna pakhomo kuti matope athe.

Koma ku Mchinji, makamaka m'madambo a m'mbali mwa Bua ndi Rusa, muli dothi la makande. Dothi lakudali limafufuma likanyowa n'kutseka timipata tonse tolowera madzi. Mu Okutobala limang'ambika ming'alu yoti chala chilowe. Ikafika Januwale limakakamira ku nsapato mpaka phazi kulemera. Kapinga wa pulasitiki ali ndi timabowo pansi pake, koma madzi akadutsa pamenepo n'kupeza makande amangoima. Mukaponda, pansi pamati thapwi, ndipo fungo silichedwa.

Ntchito yeniyeni ili pansi. Amisiri amachotsa dothi la pamwamba, kuthira miyala yoswa kapena zidutswa za njerwa zootcha, kenako mchenga, n'kutsindira. Bwalo lizitsetsereka pang'ono kuchoka kukhonde, masentimita 2 pa mita iliyonse, kuti madzi athamangire mu ngalande, osati kumaziko a nyumba. Madzi a padenga nawo si ochepa: mvula ya mamilimita 10 pa denga la masikweya mita 100 ndi malita 1,000.

Chinanso, pulasitikiyu amatentha zedi masana a m'chilimwe. Mwana wopanda nsapato sachedwa kuthawira pansi pa mtengo wa mango.