Aphunzitsi a Chingerezi ku Mitundu ndi Nathenje: Kuphunzitsana Okhaokha

Munthu wochoka mumzinda wa Lilongwe kulowera kumwera akatsata msewu waukulu wa ku Dedza amafika pa Nathenje, koma akakhotera kumsewu wa ku Bunda amakatulukira ku Mitundu. Madera awiriwa ndi a alimi a chimanga, fodya ndi mtedza, ndipo chiyankhulo cha pakhomo, cha kumunda ndi cha kumsika ndi Chichewa. Ana ambiri a kumeneko amamva Chingerezi kuchokera kwa munthu mmodzi yekha, ndiye mphunzitsi wawo. Belu lowerukira likangolira, Chingerezicho chimatsala m'kalasi pamodzi ndi choko.

Komatu tsogolo la anawo lamangidwa pa chiyankhulo chomwechi. Kuyambira m'chaka cha 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, ana ankaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, ndipo akalowa Sitandade 5 maphunziro ankatembenukira m'Chingerezi. Lamulo la maphunziro la 2013 linachikweza koposa pochitcha chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu. Mayeso a Sitandade 8, kupatula phunziro la Chichewa, amalembedwa m'Chingerezi. Ndipo wophunzira wa Fomu 4 wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza bwino masamu ndi zaulimi. Choncho mphunzitsi wa Chingerezi wasenza katundu wa aphunzitsi anzake onse.

Mphunzitsi ameneyu kawirikawiri amagwira ntchito ali yekhayekha. Akakayika ngati mawu ena amatchulidwa chotere kapena chakuti, alibe womufunsa, ndipo pasukulu zambiri mulibe ngakhale buku lomasulira mawu. Kukayikako amakubisa, popeza ana ndi makolo amamuyesa wodziwa zonse. Chimene walakwitsa chaka chino adzachiphunzitsanso chaka chamawa kwa ana ena.

Vutoli linaonekera poyera m'chaka cha 1994, pamene boma linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale. Ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo panalembedwa aphunzitsi zikwi zambiri omwe anali asanapite ku koleji. Dongosolo la MIITEP, lomwe linayamba mu 1997, linkawaphunzitsa ali kale pantchito. Zaka zomwezo dziko linagawidwa m'mazoni 315, zoni iliyonse ndi mlangizi wake wa maphunziro a pulayimale, amene aphunzitsi amangomutchula kuti PEA, komanso nyumba yokumaniramo yotchedwa TDC. Sukulu za sekondale nazo zinaikidwa m'magulu otchedwa makilasita, kuti sukulu yokhala ndi mabuku ithandize yoyandikana nayo yosowa, makamaka sukulu zoyendera za CDSS, zomwe mpaka 1998 zinali malo a maphunziro a m'makalata. Aphunzitsi a masamu ndi sayansi anapezanso dongosolo lawolawo la SMASSE, lomwe linayamba mu 2004 ndi thandizo la dziko la Japan.

Nyumba zokumaniramo zilipo ndithu. Nkhani yagona pa zimene zimachitika anthu akalowamo.

Pali msonkhano wina umene mlendo wochokera kulikulu amaima kutsogolo, nayankhula tsiku lonse, aphunzitsi n'kumalemba. Madzulo amasayina, nalandira kangachepe, n'kumwazikana. Msonkhano wotere umatha tsiku lomwe ndalama za wothandiza zatha, ndipo umazoloweretsa anthu kuti popanda alawansi palibe kukumana. Pali msonkhano winanso umene aphunzitsi asanu kapena asanu ndi mmodzi a sukulu zoyandikana amabwera atanyamula makope a ana awo, nawayala patebulo. Pamenepo ndi pamene chilumikizano chenicheni chimabadwira, pakuti makopewo amaulula kuti zolakwa za ana a sukulu zonsezo n'zofanana, ndipo gwero lake ndi limodzi.

Gwerolo ndi Chichewa chimene mwana anayamwira. M'Chichewa, kutchula l m'malo mwa r sikusintha tanthauzo la mawu, n'chifukwa chake mwana amasokoneza "pray" ndi "play". Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu okha, pamene Chingerezi chili ndi maliwu ochuluka kuposa apo. Motero "ship" ndi "sheep" amamveka ngati mawu amodzi m'khutu la mwanayo. Mphatikizo za Chichewa zimathera ndi lembo la liwu, choncho mwana amawonjezera liwu kumapeto kwa mawu a Chingerezi monga momwe "book" anasandukira buku. Ndipo poti mawu akuti "iye" amaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, mwana amatha kutchula amayi ake kuti "he" mosazindikira kanthu. Izi si umbuli ayi. Mphunzitsi wokhala yekha amaziona ngati ulesi wa ana, nakwiya. Aphunzitsi akakhala pamodzi amaziona ngati dongosolo, ndipo amagawana njira. Wina amabwera ndi masewera a mawu ofananirako, wina amaonetsa m'mene amagawira buku limodzi kwa ana asanu, winanso amaphunzitsa phunziro lonse anzake ataonerera ngati ana a sukulu. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo kalasi ya ana opitirira 100 ndi denga lolemera zedi.

Chimene chimavuta kwambiri pa misonkhano yotere ndi manyazi. Mphunzitsi wazaka zambiri pantchito safuna kuphophonya Chingerezi pamaso pa wachinyamata wongochoka kumene ku koleji. Ngati mlangizi akhalapo monga woyendera sukulu wodzalemba lipoti, aliyense amatseka pakamwa. N'chifukwa chake kuli bwino kuti utsogoleri uzisinthana, lero wa sukulu iyi, mwezi wamawa wa sukulu ina, ndipo mlangizi azikhala pampando wofanana ndi wa anzake.

Palinso mpata umene sukambidwa kawirikawiri, wa pakati pa pulayimale ndi sekondale. Mphunzitsi wa Fomu 1 amadandaula kuti amalandira ana osatha kulemba chiganizo, pamene wa Sitandade 8 amati iye anachita mbali yake powakhozetsa mayeso. Awiriwa akhoza kumagula tomato pamsika umodzi wa pa Mitundu osakambiranapo za mwana amene anapatsirana, chifukwa wina ali m'zoni, wina ali m'kilasita.

Wailesi inayesapo kufupikitsa mtunda. Mu 2008 MBC inayamba kuulutsa pulogalamu ya Tikwere, imene inkalowa m'makalasi aang'ono, mphunzitsi n'kumatsogolera ana motsatira mawu a pawailesi. Masiku ano aphunzitsi ambiri amatumizirana mafunso a mayeso pa WhatsApp, zomwe zimathandiza makamaka nyengo ya dzinja, pamene misewu yafumbi yolumikiza sukulu za kumidzi imasanduka matope. Koma lamya siionetsa m'mene mphunzitsi amaimira patsogolo pa ana, kapena m'mene amadikirira mwana wamanyazi kuti atsirize chiganizo chake. Zimenezo zimafuna kuti munthu apalase njinga kukakhala kumbuyo kwa kalasi ya mnzake, ndipo mphunzitsi wamkulu avomere kumumasula m'mawa umodzi pa teremu.