KUGULA NDI KUIKA ZIPANGIZO ZA INTANETI PAKHOMO

Kwa inu alimi ndi mafumu a m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima, kuyambira ku Chipoka, Senga Bay ndi Lifuwu mpaka kumtunda kwa Khombedza. Lero tikamba za foni, rauta, sola ndi batire. Ambiri a inu mukagulitsa mpunga, thonje kapena nsomba mumafuna kugula zinthu zimenezi kuti muzimva mitengo ya pamsika, muzilandira ndalama kuchokera kwa ana anu a ku Lilongwe ndi ku Joni, ndiponso kuti muzimva chenjezo la a zanyengo mwera usanayambe. Maganizo amenewa ndi abwino. Koma ndalama za dzinja lathunthu zingathe kutayika tsiku limodzi ngati munthu agula mosadziwa. Makolo anati safunsa anadya phula. Tsono tcherani khutu.

Yambani mwayesa netiweki

Musanatulutse ngakhale kwacha imodzi, dziwani ngati netiweki imafika pakhomo panu. Makampani akulu a mafoni m'dziko muno ndi awiri: TNM, imene inayamba mu 1995, ndi Airtel, imene inalowa m'malo mwa Zain mu 2010. Kampani iriyonse iri ndi nsanja zake, ndipo mphamvu ya nsanja imachepa mukamatalikira. Phiri ndi mitengo yowirira zimaitchinganso. Chifukwa chake foni imene ikugwira bwino pa Kamuzu Road ingathe kukhala chete ikafika m'mudzi mwanu.

Pemphani anzanu awiri, wina wa TNM wina wa Airtel, abwere ndi mafoni awo kunyumba kwanu. Yang'anani pamwamba pa galasi la foni. Mukaona 4G, intaneti idzayenda bwino. Mukaona E, kapena 2G, mungathe kuimba ndi kutumiza ndalama, koma zithunzi ndi kanema zidzakuvutani. Yesani m'mawa, yesaninso madzulo pamene anthu ambiri ali pa mafoni. Yesani m'nyumba, pakhonde ndi pazenera. Kampani imene yapambana pakhomo panu ndiyo yoti mugule simukhadi yake, osati imene mlamu wanu wa kutauni amaitama.

Kodi rauta ndi yofunika kwa onse?

Iai. Foni yamakono ingathe kugawira intaneti foni ina kapena kompyuta imene iri pafupi, ndipo kwa banja laling'ono zimenezi n'zokwanira. Koma mwini foni akapita kumunda kapena kunyanja, intaneti imapita naye limodzi.

Rauta ndi kabokosi kamene mumaikamo simukhadi. Kamakoka netiweki kuchokera kunsanja ndi kuigawa m'nyumba popanda mawaya, m'njira imene amaitcha Wi-Fi. Kamathandiza pamene pakhomo pali ana a sukulu, sitolo, kapena kalabu ya alimi imene imakumana pamenepo. Marauta ena ndi ang'ono olowa m'thumba, okhala ndi batire yawoyawo. Ena ndi akulu a patebulo, amakoka bwino koma amafuna magetsi nthawi zonse. Funsani wogulitsa ngati rautayo imalola simukhadi ya kampani iriyonse, pakuti ena anamangidwa kuti azigwira ndi kampani imodzi yokha.

Kuyambira mu 2023 m'Malawi mulinso Starlink, imene imakoka intaneti kuchokera ku makina a m'mlengalenga, yosadalira nsanja. Mtengo wake ndi wokwera, malipiro ake ndi a mwezi ndi mwezi, ndipo imadya magetsi kuposa rauta kangapo. Imayenera sukulu, chipatala kapena gulu lalikulu, osati mlimi mmodzi.

Werengani magetsi

Mu 2021 ku Nanjoka, m'boma lathu lino, kunatsegulidwa malo akulu opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60. Magetsi amenewo amalowa m'mawaya a ESCOM, kotero nyumba imene mawaya sanafikeko siipindula nawo. Koma dzuwa lomwelo limawala pa denga lanu, ndipo mungathe kulikolola nokha.

Sola iri ngati munda, batire iri ngati nkhokwe. Munthu wanzeru amayamba wawerenga pakamwa pofuna kudya, ndipo pambuyo pake adziwe kukula kwa munda ndi nkhokwe. Pa chipangizo chirichonse palembedwa mawati amene chimadya, ndi chilembo cha W. Chulukitsani mawatiwo ndi maola amene chidzayaka pa tsiku.

Tiyerekeze motere. Rauta ya mawati 10 yoyaka maola 8 idya 80. Mababu awiri a mawati 5 oyaka maola 4 adya 40. Mafoni atatu, iriyonse yofuna 15 kuti idzaze, adya 45. Zonse pamodzi ndi 165 pa tsiku.

Sola ya mawati 50, ikapeza dzuwa lamphamvu maola 5, ikolola 250. Koma monga chimanga china chimatayika popita kunkhokwe, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai limatayika m'mawaya, m'kutentha ndi m'batire momwe. Zotsala ndi pafupifupi 190, zimene zikwanira 165 uja.

Batire yolembedwa 12V ndi 50Ah imasunga 600, ndiko kuchulukitsa 12 ndi 50. Koma batire ya asidi siifuna kudyedwa kupitirira theka. Mukamaigugula mpaka pansi usiku uliwonse idzafa msanga, monga mlimi amene wadya ndi mbeu yomwe. Tsono zanu ndi 300 zokha, zimene sizikwanitsa masiku awiri athunthu a mitambo. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale chepetsani maola a rauta. Ngati mufuna kuonjezera kompyuta kapena wailesi ya kanema, yambirani pa sola ya mawati 100 ndi batire ya 100Ah. Batire ya galimoto siyenera nchito imeneyi, chifukwa anaipanga kuti ipereke mphamvu yambiri kamphindi kochepa poliza injini.

Pogula

Choyamba, gulani m'sitolo yodziwika, imene mungathe kubwererako. Chachiwiri, wogulitsa ayatse chinthucho inu mukuona. Chachitatu, landirani lisiti lolembedwa tsiku, mtengo, dzina la katundu ndi miyezi imene angakusinthireni chikaonongeka. Lisitilo lisungeni pamodzi ndi zitupa zanu. Wogulitsa akakana kusintha katundu wachinyengo, mungathe kukadandaula ku bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission, koma wopanda lisiti mlandu umamuvuta.

Chenjerani ndi sola yaing'ono yolembedwa mawati ochuluka. Iyerekezeni ndi zinzake m'masitolo awiri kapena atatu, pakuti sola zofanana mphamvu sizisiyana kwambiri kukula kwake. Batire ya asidi yopepuka kuposa zinzake za nambala yomweyo nayonso ndi yokaikitsa.

Foni iriyonse iri ndi nambala yakeyake yotchedwa IMEI. Mukatchaya *#06# nambalayo imaoneka pagalasi. Onani ngati ifanana ndi ya pa bokosi, ndipo muilembe m'buku. Foni ikabedwa, apolisi adzafuna nambala imeneyi. Musagule foni yapamanja kwa munthu wosadziwika padoko kapena pamsika, ngakhale itsike mtengo chotani. Ikapezeka kuti ndi yakuba mudzataya foni ndi ndalama zomwe, mwinanso kugona kupolisi.

Kuyambira mu 2018 simukhadi iriyonse iyenera kulembedwa m'kaundula ndi chitupa cha unzika, monga linalamulira bungwe la MACRA. Lembetsani m'dzina lanu. Musabwereke chitupa chanu kwa wina kuti alembetsere nambala yake, chifukwa akapalamula ndi nambalayo oyamba kufunsidwa ndinu.

Kaikidwe kake

Dziko lathu liri kumwera kwa mzere wa pakati pa dziko lapansi, kotero kwa miyezi yambiri ya chaka dzuwa limadzera chakumpoto. Sola iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono kuti madzi a mvula azitsika. Pasakhale mthunzi wa mango kapena wa mgwalangwa, pakuti mthunzi wa nthambi imodzi umachepetsa mphamvu ya sola yonse. Imangeni zolimba, chifukwa mwera wa kuno mumaudziwa. Siyani kampata pakati pa sola ndi malata kuti mphepo izipita. M'chilimwe ipukuteni fumbi ndi zitosi za mbalame sabata ndi sabata, m'mawa isanatenthe, ndi nsalu yofewa ndi madzi oyera.

Pakati pa sola ndi batire payenera kukhala kabokosi kotchedwa kontirola, kamene kamaletsa batire kudzaza mopitirira kapena kutha mopitirira. Yambani kulumikiza batire ku kontirola, ndipo pambuyo pake sola. Pomasula yambani ndi sola. Waya wofiira apite pa chizindikiro cha +, wakuda pa chizindikiro cha −. Ikani fyuzi pafupi ndi batire, makamaka m'nyumba ya udzu, chifukwa mawaya a batire akagundana amayatsa moto. Batire ikhale pa thabwa, pamalo opita mphepo, kutali ndi moto ndi ana.

Rauta muiike pamwamba, pafupi ndi zenera limene munapeza netiweki yamphamvu. Musaitsekere m'sutikesi ya chitsulo kapena kuseri kwa matumba a mpunga. Musaipachike pafupi ndi malata, chifukwa kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno kunyanja kumaononga zipangizo ndi kutupitsa mabatire a foni. Mvula ya mphenzi ikamabwera, zulani zonse zimene ziri pa magetsi a ESCOM.

Mau achinsinsi

Rauta yatsopano imabwera ndi mau achinsinsi olembedwa kunsi kwake. Asintheni tsiku lomwelo. Mukapanda kutero, anyamata a pamudzi adzakhala kuseri kwa nyumba namaliza bandulo yanu ya mwezi m'masiku atatu. Dziwaninso kuti mauthenga olemba amadya pang'ono, mau amadya mochulukirapo, koma kanema ndiye chilombo.

Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba ndi kiyi wa nkhokwe yanu. Musaiuze munthu aliyense, ngakhale woimba anene kuti ndi wa kukampani kapena wa kuboma. Akathyali amatumiza uthenga wabodza, kenaka naimba kuti atumiza ndalama molakwitsa, muwabwezere. Musafulumire. Yang'anani nokha ndalama zimene ziri m'foni mwanu, kapena pitani ku ofesi ya kampaniyo.

Mau kwa mafumu

Inu mafumu ndi anyakwawa, milandu ya mafoni yayamba kufika pabwalo lanu. Ambiri mungaipewe isanabuke. Mabanja akasonkherana kugula sola kapena rauta, auzeni alembe pa pepala inu mukuona: wapereka zingati ndani, katundu adzakhala kwa yani, bandulo adzagula motani, ndipo batire ikatha adzasonkha bwanji. Wochajitsa mafoni a anthu azilemba dzina la mwini foni iriyonse imene walandira. Chenjezani anthu anu kuti asataye mabatire akutha m'nyanja, m'dambo kapena pafupi ndi chitsime. Muli asidi ndi mtovu wa poizoni, zimene zimapweteka ana, ziweto ndi nsomba zomwe.

Pa msonkhano wanu wotsatira, itanani munthu wodziwa kuwerenga awerengere anthu nkhani iyi, ndipo amene afuna kugula chaka chino awerengere limodzi mawati a nyumba yake asanakwere basi.