MWANA AKACHEPA M'MIMBA: CHIFUKWA CHAKE MAYI AYENERA KUBWERERA KU SIKELO

Pa sikelo ya amayi apakati, mzamba akatha kuyeza kulemera kwa mayi ndi kuthamanga kwa magazi ake, amamugoneka chagada natenga tepi yonga ya telala. Amayeza kuchokera pa fupa la pachinena kufikira pamwamba pa chiberekero, nalemba nambala m'buku la mayiyo. Ntchitoyi siitenga nthawi, ndipo amayi ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri saiganizira nkomwe. Koma nthawi zina mzamba amayeza kachiwiri, nayang'anitsitsa m'buku, kenaka nkunena kuti, "Amayi, mimba yanuyi yachepa poyerekeza ndi miyezi yake. Mubwerenso pakapita masabata awiri."

Ena akamva mawu amenewa amagwidwa ndi mantha. Ena amawapeputsa, poganiza kuti mwana wochepa savuta pobadwa, ndipo tsiku limene auzidwa lija amalidumpha. Gulu lachiwirili ndilo limene limadetsa nkhawa azamba, chifukwa muyeso wa tsiku limodzi suuza munthu zambiri. Chimene chimaonetsa ngati mwana ali bwino ndi kusiyana kwa muyeso wa lero ndi muyeso wa tsiku linalo. Mayi akapanda kubwerera, palibe amene angadziwe.

Zimene tepi imanena

Kuyambira pa masabata 24, kutalika kwa mimba m'masentimita kumafanana ndi masabata ake. Mimba ya masabata 30 imakhala pafupifupi masentimita 30. Kusiyana kwa sentimita imodzi kapena awiri si kanthu. Koma ikaperewera ndi masentimita 3 kapena kuposerapo, kapena nambala ikakhala yomweyomweyo maulendo awiri otsatizana, mzamba amafuna kudziwa chifukwa chake.

Kawirikawiri chifukwacho chimakhala chosaopsa. Mwana akagona chopingasa mimba imaoneka yaifupi. Mutu ukatsikira m'chiuno m'mwezi womaliza, nambala imatsika. Mayi wamfupi ndi wochepa thupi amabala mwana womuyenera, amene ali wochepa koma wamphamvu. Ndipo koposa zonse, masiku amasokonekera. Mayi amene watenga pakati akuyamwitsa, kapena atangosiya jakisoni wa kulera, sangathe kutchula bwino tsiku limene adasamba komaliza, choncho mimba imene ikuwerengedwa kuti ndi ya miyezi isanu ndi iwiri ikhoza kukhala ya isanu ndi umodzi.

Apa ndi pamene chizolowezi chobisa mimba chimapweteketsa. Amayi ambiri amayamba sikelo mimba itaonekera kale, poopa maso a anthu kapena poti akuluakulu adati mimba yaing'ono siinenedwa. Komatu makina ounikira m'mimba, amene ambiri amati sikani, amadziwa bwino msinkhu wa mwana mimba ikadali yaing'ono. Ikakula, makinawo amavutika kusiyanitsa mwana wochepa chifukwa masiku ake ngochepa ndi mwana wochepa chifukwa sakukula. Nchifukwa chake mpaka lero nkhani ya masiku sinathe kuvuta azamba kulikonse, ndipo mu 2016 bungwe la WHO lidalangiza kuti mayi aliyense aziyamba sikelo miyezi itatu isanathe, azionedwa kasanu ndi katatu, ndiponso aunikidwe kamodzi masabata 24 asanakwane.

Pamene nsengwa ikulephera

Mwana wa m'mimba sadya yekha ndipo sapuma yekha. Chakudya ndi mpweya zimachokera m'magazi a mayi, nkudzera mu nsengwa ndi m'chingwe cha mchombo. M'miyezi yomaliza mwana wathanzi amawonjezera pafupifupi magalamu 200 pa sabata. Nsengwa ikadwala, chakudya chimafika chochepa, ndipo thupi la mwana limayamba kusankha. Magazi ambiri limawatumiza ku ubongo ndi ku mtima, pamene mimba, manja ndi miyendo zimaonda. Impso zikalandira magazi ochepa mwana amakodza pang'ono, choncho madzi amene amasambiramo amachepanso. Mwana wotere akhoza kupirira masabata angapo, koma mphamvu zikatha amafera m'mimba, nthawi zambiri mayi asakumva kupweteka kulikonse.

M'dziko muno mdani wamkulu wa nsengwa ndi malungo. Tizilombo ta malungo timakonda kukabisala mu nsengwa, kumene timadzadza ndi kutsekereza njira ya chakudya. Choopsa nchakuti mayi akhoza kukhala nato osatentha thupi, osamva litsipa, akugwira ntchito zake monga mwa masiku onse. Amene ali ndi mimba yoyamba ndiwo amavutika kwambiri, chifukwa thupi lawo silinaphunzire kulimbana ndi tizilombo ta mu nsengwa. Kafukufuku amene adachitika ku Mangochi kuyambira mu 1987 mpaka 1990 adaonetsa poyera kuti malungo a mu nsengwa amachititsa ana kubadwa opepuka. Mu 1993 Malawi adakhala dziko loyamba mu Africa kupereka mankhwala a Fansidar kwa amayi apakati ngakhale asakudwala. Poyamba ankamwa kawiri kokha. Masiku ano mayi amamwa mapiritsi atatu pamaso pa namwino, kuyambira miyezi itatu yoyamba ikatha, kamodzi pa mwezi, ndipo afunika kumwa maulendo osachepera atatu asanachire. Okhala m'tauni asamadzinamize kuti malungo ndi a kunyanja kokha. Zithaphwi za m'mbali mwa Nasolo ndi Likhubula nazo zimaswa udzudzu nthawi ya dzinja, ndipo neti imene mayi amalandira ku sikelo ndi yogonamo iye mwini, osati yosungira alendo.

Mdani wachiwiri ndi kuthamanga kwa magazi. Muyeso ukafika 140 pa 90 kapena kupitirira, makamaka mkodzo ukapezekanso ndi vuto, mitsempha ya ku nsengwa imakhala yopanikizika. Nthawi zina kuchepa kwa mwana ndiko kumayamba kuoneka, magazi nkudzakwera pambuyo. Motero mayi amene mimba yake yachepa ayenera kuyezedwa magazi ulendo uliwonse. Mutu ukamawawa kwambiri, maso akamachita chidima, nkhope ndi manja zikatupa, kapena akamva kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, apite kuchipatala nthawi yomweyo.

Zina zimene zimachepetsa mwana ndi kuchepa kwa magazi, chindoko, kachilombo ka HIV kosalandirira mankhwala, fodya, mowa, utsi wa mbaula m'nyumba yotseka, kutenga pakati msungwana asanakhwime, ndi kubereka pafupipafupi. Kuyambira mu 2011 mayi aliyense wapakati wopezeka ndi HIV amayamba ma ARV nthawi yomweyo. Iye amamwa Bactrim tsiku ndi tsiku, choncho sapatsidwa Fansidar.

Kodi chakudya chingathandize?

Achibale akamva kuti mwana wachepa, amafulumira kunena kuti mayiyo sakudya. Nthawi zina zimakhala zoona. Alipo amayi amene amadzimana dala pofuna mwana wamng'ono, ndipo alipo amene amaletsedwa mazira poti mwana adzabadwa wopanda tsitsi, zimene si zoona. Mayi wapakati afunika chakudya china chapadera pa tsiku, kuwonjezera pa chimene banja limadya. Sichifunika kukhala chodula: phala la mgaiwa lotsira nsinjiro, usipa, matemba, nyemba, nandolo, bonongwe, chisoso ndi zipatso za nyengo yake nzokwanira. Mapiritsi owonjezera magazi amwedwe tsiku lililonse, koma osamwera tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa mankhwalawo kulowa bwino m'thupi. Ntchito zolemetsa, monga kusenza ndowa za madzi kukwera nazo mitunda ya ku Ndirande kapena Bangwe, ena a m'banja amulandire.

Komabe nsengwa ikakhala kuti yadwala, chakudya sichingaichiritse. Mayi akhoza kudya bwino, iye nkunenepa, mwana osakula. Palibenso jakisoni kapena mankhwala a zitsamba okulitsa mwana m'mimba. Chithandizo chenicheni cha mwana wotere ndi kumuyang'anira pafupipafupi, kuti atulutsidwe pa nthawi yoyenera, mphamvu zisanamuthere.

Kalata ya ku Queens

Pa ulendo wachiwiri mzamba amayezanso mimba, namvetsera mtima wa mwana, umene uyenera kugunda pakati pa 110 ndi 160 pa mphindi. Mimba ikapezeka kuti yakula bwino, mayi amapitiriza sikelo monga kale. Ikapezeka kuti yaima, zipatala zazing'ono monga za Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi South Lunzu ku Machinjiri zimalemba kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, ku chigawo cha amayi cha Gogo Chatinkha.

Kumeneko madokotala amaunika mwana ndi makina. Amayeza mutu, mimba ndi fupa la ntchafu, ndipo kuchokera pamenepo amawerengera kulemera kwake. Amaona kuchuluka kwa madzi, ndipo pamene kuli kotheka amayezanso mmene magazi akuyendera m'chingwe cha mchombo. Kuunikaku sikupweteka ndipo sikuvulaza mwana. Nako sikutha ndi tsiku limodzi, pakuti mayi amauzidwa kubweranso pakapita masabata awiri kapena atatu kuti aone ngati mwana wawonjezera.

Kalata zambiri zimathera m'chikwama. Mayi amaganiza za mzere wautali, za ana osiyidwa pakhomo, za geni yake ya kumsika ndi za ndalama ya minibasi, ndipo poti sakumva kudwala amati adzapita mwezi ukatha. Zifukwa zimenezi si zopeka ayi, koma pano ndi pamene bambo wa pakhomo ayenera kuonetsa ubambo wake. Chithandizo pa chipatala cha boma nchaulere. Chofunika kuchokera kwa iye ndi ndalama yoyendera, munthu wotsala ndi ana, ndiponso ndalama ina yosungidwa padera ya galimoto ya usiku. Apongozi ndi anakubala nawonso amve kuchokera kwa azamba chifukwa chake mayiyu akupita kuchipatala kawirikawiri chotere, kuti asamunene kuti ngwaulesi kapena wamantha.

Kusewera kwa mwana

Pakati pa ulendo wina ndi unzake, mlonda wa mwana ndi mayi mwini. Mwana aliyense ali ndi kasewereredwe kake, ndipo pofika miyezi isanu ndi iwiri mayi amakhala atadziwa nthawi zimene wake amatakataka. Mwana amene mpweya ukumuperewera amachepetsa kusewera pofuna kusunga mphamvu. Mawu akuti mwana amakhala chete masiku akayandikira ngabodza, ndipo apweteketsa ambiri. Mwana wathanzi amasewera mpaka tsiku lobadwa.

Mayi akaona kuti kusewera kwachepa kapena kwasintha, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi usiku, ngakhale ndi Lamulungu. Asadikire tsiku la sikelo. Achitenso chimodzimodzi akaona magazi, madzi akayamba kutuluka, kapena thupi likatentha. M'miyezi itatu yomaliza azigona chammbali, osati chagada, chifukwa kulemera kwa chiberekero kumapsinja mtsempha waukulu wobwezera magazi ku mtima.

Tsiku lochira

Mwana akamakula pang'onopang'ono, madzi ali okwanira ndipo mtima ukugunda bwino, madokotala amadikira mpaka masiku atayandikira kukwana. Akaona kuti m'mimba mwasanduka malo oopsa kuposa kunja, amalangiza kuyambitsa matenda ndi mankhwala kapena kuchita opaleshoni masiku asanakwane. Zikachitika masabata 34 asanafike, mayi amabayidwa jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana. Achibale ena amakana, amati mwana sanapse. Koma dokotala safulumizitsa mwana popanda chifukwa, ndipo banja lili ndi ufulu wofunsa kuti awafotokozere bwino zimene makina aonetsa.

Mwana wochepa sachedwa kutopa pa nthawi ya matenda, chifukwa chiberekero chikamakoka magazi opita ku nsengwa amachepa kwa kanthawi. Ayenera kubadwira kumene mtima wake ungamvetseredwe pafupipafupi ndiponso kumene opaleshoni ingachitike msanga. Mwanamphepo ndi mankhwala ena ofulumizitsa matenda ngoopsa kwa mwana aliyense, koma kwa uyu ndiye koposa.

Akabadwa

Mwana wosakwana makilogalamu awiri ndi theka amawerengedwa kuti ngwopepuka. Alibe mafuta okwanira pansi pa khungu, choncho amazizidwa msanga, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene chiperoni chakuta mzinda wa Blantyre. Shuga wa m'magazi ake nayenso sachedwa kutsika. Ayamwe ola loyamba lisanathe, ndipo aziyamwa maola awiri kapena atatu alionse usana ndi usiku. Akagona nthawi yaitali adzutsidwe. Ngati alephera kuyamwa, mayi afinyire mkaka m'kapu yoyera nkumumwetsa monga anamwino amuonetsera. Asasambitsidwe tsiku loyamba.

Njira yabwino yomufunditsira ndi ya kangaru, imene idayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno idayamba pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Mwana amavala thewera, chipewa ndi masokosi okha, nkuikidwa pachifuwa pa mayi khungu ndi khungu, namangidwa ndi chitenje. Mayi akafuna kusamba kapena kupuma, bambo kapena agogo amulandire mwanayo pachifuwa pawo.

Potuluka m'chipatala anamwino amatchula masiku obwera naye kudzayezedwa, ndipo masiku amenewa amakhala oyandikana kuposa a ana ena. Ana ambiri otere akayamwa bwino amawapeza anzawo m'zaka ziwiri zoyamba. Buku la sikelo lisungidwe bwino, chifukwa vutoli likhoza kubweranso. Mayi apume zaka ziwiri asanatenge pakati pena, ndipo akadzatenga adzaonetse bukulo kwa mzamba pa ulendo woyamba, kuti adzayambe kumuyang'anira mimba ikadali yaing'ono.