Boma likagula pulogalamu, kiyi azitsala kuno

Kuno ku Kasina njinga ikathyoka sitidikira amene anaipanga. Timangoikankhira kwa wokonza pamsika, mawa lake yanyamula kale matumba a kachewere kupita ku Linthipe. Koma pasukulu pomwe ndimaphunzitsa pali makompyuta amene tinalandira ngati mphatso. Laisensi ya pulogalamu yake itatha, tonse tinagwira njakata. Kiyi ali ndi eni ake, kutali.

Zoterezi zikagwera boma, limalira ndi dziko lonse. Mu Disembala 2021 boma linathetsa mgwirizano wake ndi kampani ya Techno Brain pa ntchito yosindikiza mapasipoti. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikizako kunaima kwa masabata angapo, ndipo mu Febuluwale mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali alowerera makinawo ndipo akufuna dipo. Anyamata ofuna kupita ku Joni anangoti kakasi. Ine funso linandikhala pakhosi: makina ogulidwa ndi misonkho yathu, kiyi wake amasunga ndani?

Njira ina ilipo. Pali mapulogalamu otseguka, amene malangizo onse omwe anawamangira ali poyera, moti katswiri aliyense angathe kuwawerenga, kuwakonza ndi kuwasintha. Si zachilendo kwathu kuno. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera mu DHIS2, pulogalamu yotseguka yochokera ku yunivesite ya Oslo ku Norway. Bungwe la Baobab Health, lomwe linayambira pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, linamanga makina osungira mbiri ya odwala pa mapulogalamu otseguka, ndipo ntchitoyo ankagwira ndi Amalawi.

Sindikunena kuti zimenezi n'zaulere, kapena kuti mbava sizingalowe. Akatswiri ayenera kulipidwa, chitetezo chiyenera kulimba. Kusiyana kwake n'kwakuti mukayambana ndi kontilakita mmodzi, wina atha kupitiriza pomwe mnzakeyo walekera.

Tsono pempho langa kwa aphungu ndi akuluakulu ogula katundu wa boma ndi ili: mgwirizano uliwonse uzinena poyera kuti malangizo a pulogalamu ndi zonse zosungidwamo ndi za Amalawi, komanso kuti kampani iphunzitse ana athu kuziyendetsa. M'kalasi mwanga muli ana amitu yakuthwa. Tisawalere kuti adzangokhala alonda a nyumba yomwe kiyi wake ali kunja.