Tulo tasowa m'komboni

Kwerani basi yochokera ku Kanyama kapena ku Chawama cha m'ma 06 hours, muone nkhope za anthu. Ambiri akusinza, mutu atatsamira pa windo. Kondakitala akangofunsa ndalama, wina amakalipa monga watukwanidwa. Timakonda kunena kuti anthu a mu Lusaka ulemu unawathera. Ine niona monga chinatha ndi tulo.

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa kugona ngati alonda. Chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kubwera maola ochepa chabe, nthawi zambiri pakati pa usiku. Wowotcherera zitsulo ku Kalingalinga anali kudzuka 01 hours kuti amalize geti ya kasitoma. Wa saluni ku Matero, wogulitsa ma ice block ku Mtendere, onse khutu linali ku firiji, kumvetsera ngati yalira. Ngakhale tsiku limene malaiti alipo, thupi lozolowera kudzidzimuka silikhulupirira msanga.

Onjezani madzi. Ku George amayi amalawira kusanache ndi zigubu kuti apeze malo pamzere. Ku Kanyama, kumene thanthwe lili pafupi ndipo madzi a mvula salowa pansi, bingu likagunda usiku kholo siligona: limakweza matilesi ndi thumba la unga pamwamba, uku likukumbukira kolera imene inayamba mu October 2023 mpaka odwala kukagonekedwa ku Heroes Stadium. Za phokoso la m'mabala ndi mapemphero a overnight sindinena zambiri, tonse tili ndi neba wa sipika yaikulu.

Koma wakuba tulo wamkulu sachita phokoso. Ndi kaloba imene ikubala mwezi ndi mwezi, ba landilodi amene adzagogoda pa 1, chilimba chimene tsiku lako loponya lafika ulibe kanthu. Munthu amazima nyali, mutu n'kuyamba masamu.

A zaumoyo amati wamkulu afunika maola 7 kapena kuposa usiku uliwonse. Akachepa kwa nthawi yaitali, mtima umafupika, kuiwala kumachuluka, nkhawa imakula. Choipa n'chakuti nkhawa ndi kuvutika maganizo nazonso zimathamangitsa tulo, manje chimodzi chimadyetsa chinzake. Ena amathawira ku kachasu kuti agone. Mowa umagwetsadi munthu msanga, koma tulo take ndi toduka-duka, ndipo m'mawa nkhongole yawonjezeka.

Ku Zimbabwe vutoli amalitcha kufungisisa, kuganiza maningi, ndipo Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, kumene agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi pa kiliniki n'kumvetsera anthu. Kuno timangoti "ni BP" kapena "nalema chabe", chifukwa ukatchula maganizo, anthu amamva Chainama, n'kuyamba kukuyang'ana ngati wofuntha. Chikhalirecho lamulo la Mental Health Act la 2019 linachotsa lakale la m'nthawi ya atsamunda, ndipo sikuti aliyense wovutika maganizo ayenera kugonekedwa.

Ngati papita masabata awiri simugona bwino, chakudya sichikoma, ndipo zimene munali kukonda sizikusangalatsaninso, yambirani pa kiliniki yanu kapena pa chipatala monga cha Kanyama, Matero kapena Chawama. Mukafika musangotchula mutu kuwawa, muuzeni nesi kuti simugona, ndi chimene chimakudzutsani. Wochita manyazi kuonekera pamzere angaimbe 933, nambala yaulere ya Lifeline, olo pa 02 hours pamene masamu aja ayamba.